Mikangala Itatu ndi Kapu ya Malalanje

Amene anandilakwira ine ndi amalume anga, mlongo wawo wa amayi, bere limodzi. Anandimangirira pa mzati wa chigafa ndi chingwe cha ng'ombe, dzuwa lili paliwombo, nandithyolera pamsana mikangala itatu, ndodo zija timapachikapo fodya. Anthu anasiya kusankha fodya n'kumaonerera. Mlandu wake, akuti ndinkagulitsa mapiritsi a BP a amayi anga n'kumawabweretsera abodza. Akuti ndinkapha mayi wondibereka kuti ndivale nsapato.

Ndisaname, ine si munthu wofatsa. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, nditagenda mphunzitsi amene anaseka kabudula wanga wong'ambika kumbuyo. Pa Mtunthama, pamene ndimapalasa kabaza, amandidziwa kuti mawu anga ndi ochepa, chibakera ndiye chimafulumira. Zimenezo ndimavomera. Koma kuba mankhwala a amayi, ayi. Bambo anga anapita ku maesiteti a kumpoto ine ndikukwawa, mpaka lero sanatumizeko ngakhale moni. Munthu amene ndili naye pa dziko lino ndi mmodzi yekha, ndi mayi ameneyo.

Matenda anawayamba mvula itangogwa, tikuwokera fodya. Mutu wa kunkhongo, chizungulire, mtima kugunda mpaka m'makutu. Ndinawakweza pa njinga mpaka ku Boma. Kuchipatala anawamanga chinsalu chija pamkono, nati magazi akuthamanga kwambiri, nawapatsa timapiritsi toyera, kamodzi m'mawa uliwonse. Titafika kumudzi amalume anatiyang'ana timapiritsi tija n'kuseka.

"Takulandirani kumpingo wathu, mlongo," anatero. "Awa ndi omwe ndimamwa ine, chaka chachiwiri chino. Ndi matenda a kumtundu, anatisiyira amayi athu."

Amalume ndi mkulu wa mpingo, ndiponso ndiwo mwini mbumba pamudzi pathu. Ali ndi kamakina kopimira BP kamene mwana wawo wamkazi anawatumizira kuchokera ku Lilongwe. Amakasunga m'thumba limodzi ndi Baibulo. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankadzipima okha, kenako n'kupima amayi. Miyezi ya mvula ija nambala za onse awiri zinkatsikira limodzi, ndipo amayi anayambiranso kuseka ndi kutitukwana tikachedwa kumunda.

Zinthu zinatembenuka fodya atauma. Amene sanasankhepo fodya sangadziwe. Umakhala m'chigafa tsiku lonse, kusiyanitsa masamba, kuwamanga m'timitolo tija timati ndindi, fumbi lake likulowa m'mphuno, utomoni uli m'zala. Kukhosi kumawawa ngati watafuna mankhwala a malungo. Amayi ankati akaika piritsi palilime n'kumwera madzi a pamjigo, linkawakakamira pakhosi, nthawi zina mpaka kusanza. Nthawi yomweyo ndi pamene malalanje a amalume anapsa. Ali ndi mitengo iwiri kuseri kwa nyumba, anabzala okha, ndipo amainyadira kuposa ana awo ena.

Ndiye anayamba mwambo wawo. M'mawa uliwonse, tisanalowe m'chigafa, ankathyola malalanje odzaza chipewa, n'kufinyira m'makapu awiri aakulu apulasitiki, imodzi yawo, ina ya mlongo wawo. Ankakhala pakhonde, n'kumeza mapiritsi nthawi imodzi ngati ali pa mgonero.

"Achimwene, mudzandizoloweza za kutauni," ankatero amayi.

"Imwani, mlongo. Madzi ndi a ng'ombe. Ine chaka chatha ndinkamwera zomwezi, kodi ndinafa?"

Ine ndinkadutsa ndi mtolo wa mikangala n'kumakondwa mumtima. Ndinkati amayi apeza wowasamala.

M'miyezi yomweyonso amayi analeka kupita okha ku Boma, chifukwa fodya sadikira munthu. Buku lawo la kuchipatala ankandipatsa ine, ndinkapalasa ndekha kukatenga mankhwala. Zinthu ziwirizi, malalanje ndi ulendo wanga, zinayamba mwezi umodzi. Palibe amene anaona choyambacho. Onse anaona ine.

Nambala za amayi zinayamba kukwera. Lamulungu loyamba amalume anati makina atopa, nasintha mabatire. Lamulungu lachiwiri zinakweranso. Lamulungu lachitatu anadzipima okha kawiri, napima amayi kawiri, kenako maso awo anatsikira pa mapazi anga. Ndinali nditavala nsapato zatsopano, zogula ndi thukuta la kabaza.

Lachiwiri lotsatira amayi anagwa m'chigafa, ndindi ili m'manja. Sanakomoke, anangoti mdima wawaphimba. Tinawathira madzi, tinawakhazika pa saka. Ine ndikuwakupiza ndi katoni, ndinangomva dzanja pakholala. Anali msuweni wanga, mwana wamkulu wa amalume, chimunthu chodinda mabelo. Amalume anali kumbuyo kwake ndi chingwe.

"Tandiuza, iwe," anatero amalume. "Ine ndi mayi akowa magazi ndi amodzi kapena ayi?"

"Ndi amodzi."

"Matenda?"

"Amodzi."

"Mapiritsi dzina limodzi. Timamwa nthawi imodzi, kumwera malalanje a mtengo umodzi. Anga akugwira ntchito, awo ayi. Chasiyana n'chiyani? Chasiyana ndi amene amakatenga. Anga ndimakatenga ndekha. Awo amakatenga mbava."

Anthu onse m'chigafamo anagwedeza mitu. Ngakhale kwa ine ndemwe masamu akewo ankamveka. Ndinangoti, "Malume, mwapenga kodi?" Mawu amenewo ndiwo anandimangitsa.

Ndinalimbana nawo. Msuweni uja ndinamuluma pamkono mpaka ndinamva mchere wa magazi, koma anabwera amuna ena awiri. Anandikumbatiritsa mzati, namanga manja kutsogolo, nang'amba malaya. Mkangala woyamba unathyoka msanga, unali wofumbwa. Wachiwiri unali wabulugamu, wauwisi pang'ono, umenewo ndiwo unandilemba mizere imene ndili nayo mpaka lero. Amalume ankamenya akufunsa.

"Unagulitsa kwa yani? Pa Mtunthama? Ku Boma? Awa oyerawa unawatola kuti?"

Ine ndinkangotukwana. Ndinatukwana iwo, ndevu zawo, ukulu wawo wa mpingo, ndinatukwana onse oonerera mmodzimmodzi. Sindinalire. Wachitatu utathyoka anapumira, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ndipamene amayi analankhula, ali pa saka paja, ndi mawu otsika.

"Mwana wanga, ngati n'zoona, ungonena. Ndikukhululukira."

Mikangala itatu ija sinandipweteke ngati mawu amenewo. Ndinatsetsereka pa mzati mpaka kugwada m'fumbi la fodya.

Amalume anatulutsa kapepala ka mapiritsi a amayi m'thumba, nandiponyera kumaso. "Tenga choko chakocho. Dzuwa la mawa lisakupeze pamudzi pano. Mlongo wanga ndimusamala ndekha, azimwa anga."

Atangondimasula, msuweni uja anaseka. Ndinamulowa ndi mutu pamphuno, phwa, magazi mpaka pa fodya wa giredi yabwino. Ndinatola kapepala kaja, ndinakwera njinga msana uli mabala okhaokha, n'kupita.

Masiku asanu ndi anayi ndinakhala pa Mtunthama, kwa mnzanga wokonza njinga. Mbiri inandipeza komweko. Pa siteji ya kabaza anayamba kunditchula kuti adokotala. "Adokotala, muli ndi a mutu? Mutigulitseko a mayi anuwo." Woyamba ndinamusiya. Wachiwiri ndinamukwapula ndi pampu pakamwa, dzino linagwera mu ngalande, anzake anandigwetsa n'kundiponda mpaka nthiti. Makasitomala anayamba kundilambalala. Mayi wina amene ndinkamunyamula Lachisanu lililonse anandiyang'ana, nakumbatira chikwama chake, nakwera ya wina. Kapepala ka mapiritsi kaja ndinkayenda nako m'thumba la buluku. Ndinkakatulutsa, kukayang'ana, mpaka nane ndinayamba kukayika kuti mwina anandipatsa olakwika pawindo, ine posadziwa kuwerenga bwino.

Tsiku la khumi, cha m'ma teni m'mawa, mkazi wa amalume anandipeza pa siteji, chitenje chili m'manja, akupuma mwabefu.

"Mayi ako pakamwa papotoka. Sakutha kugwira kapu."

Anandiuza tili m'njira kuti masiku onsewo amayi ankamwa mapiritsi a amalume enieniwo, ndipo amalume anawonjezera malalanje, makapu awiri tsopano, kuti magazi abwerere mphamvu. Nambala zinkangokwerabe. Iwo ankati ndi poizoni wa mapiritsi anga amene sanathe m'thupi.

Amayi ndinawapeza atawagoneka pamphasa, amalume akupemphera mokweza, dzanja lili pamutu pa amayi. Msuweni, mphuno idakali yotupa, anaima pakhomo. Ndinatola mpini wa khasu umene unali pakhonde.

"Suntha, apo ayi lero ndimaliza mphunoyo."

Anasuntha. Amalume anatsegula maso koma sanaleke kupemphera. Ndinanyamula amayi ngati mwana, opepuka ngati mtolo wa mapesi. Mnzanga wa njinga yamoto anatikweza, amayi pakati, ine kumbuyo nditawagwira, mpaka ku Boma.

Anawagoneka mu wodi ya amayi. Dokotala amene anatilandira anali mzimayi wamfupi, wa magalasi, wosaopa munthu. Atamaliza kuwaona, ndinamutsatira mpaka pa tebulo lake, ndinamenyetsa kapepala kaja pa tebulopo mpaka cholembera chinadumpha.

"Pimani awa. Mundiuze ngati ali choko."

"Choyamba chotsa dzanja lako pa tebulo langa," anatero. "Kuno timasoka anthu, sitiopa zibakera."

Ndinachotsa. Anatembenuza kapepalako, anawerenga, anayang'ana m'buku la amayi.

"Awa ndi athu. Ndi enieni. Wakuuza kuti ndi choko ndani?"

Ndinatembenuka n'kukweza malaya. Anayang'ana msana wanga nthawi yaitali, kenako anaitana namwino kuti anditsuke mabala amene anali atayamba mafinya.

Gadiyani ndinali ine. M'wodi muja amayi ankameza mapiritsi ndi madzi, movutikira, namwino ataima pompo. Tsiku lachitatu nambala zinatsika. Dokotala uja anadabwa poyera. Anati mankhwala omwewa akugwira kuno, bwanji ankakana kumudzi? Anawafunsa ngati ankadumphitsa masiku, ngati ankadya mchere wambiri, ngati amafwenkha fodya wamphuno, ngati anamwako za azitsamba. Amayi ankangopukusa mutu. Ali mkati mofunsa, analowa mkazi wa amalume ndi dengu. Anatulutsa botolo lalikulu lodzaza madzi a malalanje.

"Achimwene anu afinya okha m'mawa uno. Akuti muzimwera mankhwala, madzi a kuno ndi onunkha."

Dokotala anagwira botolo lija lisanafike kwa amayi.

"Muzimwera mankhwala? Kuyambira liti?"

Tinawerenga miyezi chobwerera. Kuyambira pamene malalanje anapsa. Kuyambira pamene nambala zinayamba kukwera.

Anatifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndinamuuza abwereze kawiri kuti mutu wanga wa sitandade sikisi ugwire. Anati piritsi likamezedwa silinafike. Liyenera kudutsa m'matumbo kulowa m'magazi, ndipo m'matumbomo muli ngati timakomo timene timalilowetsa. Madzi a zipatso zina, malalanje, maapozi, akabwera ambiri nthawi imodzi ndi piritsi la mtundu umene amayi ankamwa, amatsekereza timakomo tija, ndiye gawo lalikulu la mankhwala limangodutsa n'kukatayika kuchimbudzi. Anati si mapiritsi onse a BP amene amatero, ndipo alipo ena amene chipatso china chimawachititsa kuchuluka m'magazi mopitirira muyeso. N'chifukwa chake amati mankhwala azimwera madzi, zipatso zizibwera patapita maola angapo. Anawonjezera kuti mwina pali zinanso zimene zinathandizira, ntchito, kutopa, nkhawa, koma ichi ndiye chinali poyera.

"Nanga amalume?" ndinafunsa. "Amamwera zomwezo. Bere limodzi. Iwo ali gwa."

"Umalima fodya?"

"Eya."

"Mbande za pa bedi limodzi la nazale zimakula mofanana zonse?"

"Ayi."

"Anthunso ndi choncho. Timakomo timeneti munthu amabadwa nato, ndipo si tofanana ngakhale kwa ana a mimba imodzi. Wina anatengera kwa bambo, wina kwa mayi. Wina malalanje amamutsekera kwambiri, wina pang'ono. Pano tilibe chopimira zimenezo, ndiye sindingalumbire za amalume akowo. Koma ukawauze kuti nawonso asiye. Thupi la munthu wina si sikelo yopimira thupi la mnzake."

Mkazi wa amalume anakhala pansi pa simenti n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Amayi anandiyang'ana. Mbali imodzi ya nkhope inali idakagwa, diso likutuluka misozi yokha. Anatambasula dzanja lomwe linkagwira ntchito, nandigwira malaya, nakweza pang'ono kuti aone msana. Mawu ankatuluka okhota, koma ndinawamva.

"Ndinakufunsa zoipa, mwana wanga."

Ndinaimirira n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zija, zomwe zinandipalamulira. Amayi amandidziwa. Anandikoka malaya.

"Usakawakhudze. Ndi mlongo wanga. Ankafinya chifukwa chondikonda."

Ndinawasiya ndi mkazi wa amalume, ndinatenga botolo lija, n'kukwera minibasi.

Njira yonse ndinkangoona mzati uja. Ndinkaona mitu ija ikugwedezeka. Ndinkaganiza za dzanja la amayi limene dokotala anati mwina libwerera, mwina ayi, dzanja limene linkamanga ndindi mofulumira kuposa aliyense pamudzi. Ndinkati ndikafika ndiwamangirira pa mzati womwewo, mikangala ndisankha ndekha, yabulugamu yokhayokha.

Ndinafika masana, anthu ali m'chigafa kumaliza fodya wotsala. Sindinapereke moni. Ndinalowa m'nyumba mwathu, ndinatenga nkhwangwa kuseri kwa chitseko. Mzimayi wina anakuwa. Amalume anali pakhonde pawo, kamakina kaja kali pamwendo, kapu ili pambali. M'masiku ochepawo anali ataonda, ndevu zosapesa. Atandiona ndi nkhwangwa sanathawe. Anangoika kamakina pansi bwinobwino, ngati kuti ndiko kangavulale.

Ndinawadutsa. Ndinapita kuseri, pa mtengo waukulu uja. Ndinautema ngati ndikutema munthu. Minga inanding'amba mikono, malalanje akundigwera pamutu, mabala a pamsana anatseguka, ndinamva magazi akutsika m'buluku. Sindikudziwa kuti ndinatema kangati. Mtengo unalira, unapendama, unagwera pa nkhokwe n'kuphwanya denga lake. Msuweni anabwera ndi mkangala m'manja, koma ataona maso anga anaima patali. Mtengo wachiwiri ndinauyang'ana, mikono inakana.

Ndinabwerera pakhonde nkhwangwa ili m'dzanja. Anthu onse a tsiku lija anali atatuluka m'chigafa, ataima chimodzimodzi ngati tsiku lija. Amalume anadzuka.

"Mlongo wanga ali bwanji?" anafunsa.

Ndinakweza nkhwangwa. Ndikunena zoona, ndinaikweza, ndipo ndinaona malo ake, pakati pa khosi ndi phewa. Koma malaya anga anali ngati akukokedwabe kumbuyo ndi dzanja limodzi lija. Ndinaitsitsira pa kapu. Inasweka pakati, madzi a malalanje anawathovukira pa buluku. Ndinatulutsa botolo lawo lija n'kulikhuthulira pa mapazi awo, lonse, mpaka dontho lomaliza. Kenako ndinatulutsa kapepala ka mapiritsi, kamene anandiponyera kumaso, ndinakaika m'dzanja lawo n'kuwafumbatitsa zala mwamphamvu mpaka anabuula. Ndinavula malaya, ndinatembenuka kuti iwo ndi anthu onse aone msana, n'kutembenukanso kuwayang'ana m'maso.

"Ali moyo, malume, chifukwa atalikirana ndi kapu yanu. Mapiritsi awa ndi enieni, achipatala anena. Amene ankatsekereza mankhwala a mlongo wanu ndi malalanje anuwa, ofinya ndi dzanja lomwelo limene munandimenya nalo. Munapima thupi lawo ndi thupi lanu, yankho mukalifuna pamsana panga. Sindikukhudzani, chifukwa andiletsa ndi pakamwa popotoka. Koma pamudzi pano sindichoka. Mankhwala awo ndizikatenga ndine, madzi omwera ndiziwatungira ndine, ndipo inuyo mukafuna kukhalitsa, anu muzimwera madzi a ng'ombe omwewo. Tsopano anthu anu ndi awa, onse alipo. Munanditcha mbava mokweza. Nenani mokweza chomwecho kuti munanama."